Woody Strode, kawuboyi amene dzina lake linkalembedwa pansi

Mu 1960 kampani ya Warner Bros. inatulutsa filimu ya John Ford yotchedwa Sergeant Rutledge. Nkhani yake yonse ndi ya munthu mmodzi, sajeni wachikuda wa gulu la asilikali okwera pa hatchi, amene akuimbidwa mlandu wogwirira ndi kupha mtsikana wachizungu komanso kupha bambo a mtsikanayo. Dzina la filimu ndi dzina la sajeniyo. Koma pa mndandanda wa ochita seweroli, dzina loyamba ndi la Jeffrey Hunter, amene anasewera ngati msilikali womuimira pa mlandu. Kenako pakubwera Constance Towers, kenako Billie Burke, gogo amene ntchito yake m'filimumo ndi kukhala m'khothi atavala chipewa chamaluwa n'kumadabwa ndi zimene akumva. Mwini filimu, Woody Strode, ali pa nambala 4.

Ine mafilimu a makawuboyi ndimawakonda, ndipo sindinabwere kudzakuuzani kuti muwaleke. Ndimakonda fumbi lija, akavalo akuwoloka mtsinje, amuna olankhula mawu atatu okha tsiku lonse. Koma munthu ukawaonera kwa nthawi yaitali, diso limatopa ndi munthu wa pakati uja, wa chipewa choyera, n'kuyamba kuyang'ana m'mbali. Kumeneko n'kumene kuli anthu amene moyo wawo umandikoka kwambiri: ogwa pa hatchi m'malo mwa bwana, ovala nthenga kuti aphedwe filimu isanafike pakati, ndi chimunthu chachitali chometa mpala chimene chimaima chete kuseri kwa John Wayne chitagwira mfuti.

Mafilimu amenewa sanatifike dzulo. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, kumene anthu ambiri a ku Nyasaland ankapita kukagwira ntchito, kanema wa pabwalo ankadzaza anthu m'makomboni, ndipo amene ankakondedwa kuposa onse anali a makawuboyi. Mayi wina wa ku America wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, ndipo anapeza kuti anthu kumeneko kawuboyi aliyense ankangomutcha Jack. Kaya wosewerayo ndi ndani, iwo bola Jack wamenya munthu chibakera, bwalo lonse liwiri. Atsamunda ankaduladula mafilimuwo, kuchotsa zimene ankati anthu akuda sayenera kuona, moti nkhani yake nthawi zina inkasokonekera, koma zibakera ndi akavalo zinkatsala. Chimene anthu a m'makomboniwo sankaonetsedwa n'chakuti kumadzulo kwenikweni kwa America, Jack wambiri anali wakuda ngati iwo omwe.

Nthawi ya makawuboyi enieni inali yaifupi, pafupifupi zaka 20 zokha, kuyambira nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1865. Ntchito yake inali yokusa ng'ombe zikwizikwi kuchokera ku Texas kupita nazo ku masiteshoni a sitima a ku Kansas, monga Abilene, ulendo wa miyezi iwiri kapena itatu, kugona panja, kudya nyemba ndi khofi, malipiro ochepa. Inali ntchito ya amphawi. Akatswiri ambiri a mbiri amati mwa makawuboyi anayi aliwonse a pa maulendo amenewa, mmodzi anali wakuda, ambiri mwa iwo anthu amene anali atangomasulidwa ku ukapolo ndipo ankadziwa kale kusamala ng'ombe za mabwana awo. Enanso ambiri anali a ku Mexico, eni ake a luso la chingwe ndi chishalo. Kunali Bass Reeves, amene anabadwa kapolo n'kudzakhala wapolisi wa boma woopedwa ndi zigawenga kudera limene lero ndi Oklahoma. Kunali Bill Pickett, amene anayambitsa masewera ogwetsa ng'ombe poigwira nyanga. Hollywood inatenga dziko lonseli n'kulipaka laimu.

Woodrow Wilson Woolwine Strode anabadwa mu 1914 ku Los Angeles. Sanakulire pa ng'ombe. Anali mwana wa m'tauni, wamtali mamita 1.93, thupi lake ngati losema, katswiri wa masewera othamanga ndi kuponya. Pa yunivesite ya UCLA ankasewera mpira wa ku America uja wogwira ndi manja, ndipo timu ya 1939 inali ndi anyamata akuda atatu amene mzinda wonse unkawadziwa: Strode, Kenny Washington ndi Jackie Robinson. Inali nthawi imene matimu ambiri a mayunivesite analibe wakuda ngakhale mmodzi. Wachitatuyo dziko lonse likumudziwa chifukwa mu 1947 analowa timu ya Brooklyn Dodgers n'kuthetsa tsankho la mu ligi yaikulu ya baseball. Chimene anthu amaiwala n'chakuti anzake awiriwo anachita zomwezo chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu mpira wawo. Ligi ya NFL inali itakhala zaka zoposa 10 yopanda wosewera wakuda. Mu 1946 timu ya Rams inasamuka ku Cleveland kupita ku Los Angeles, ndipo inkafuna kumasewerera m'bwalo la Coliseum, lomwe linamangidwa ndi ndalama za anthu onse. Atolankhani akuda a mumzindawo anaima nji, amvekere bwalo limeneli msonkho wathu ulimo, timu yatsankho isapondemo. Rams inagonja, inalemba Washington, kenako Strode.

Sizinamukomere. Anali ndi zaka 32, ankangokhala pa benchi, pa maulendo ankagonekedwa kosiyana ndi anzake, ndipo chaka chitatha anamusiya. Patapita zaka zambiri ananena mawu amene amandiseketsa ndi kundiwawa nthawi imodzi: anati ngati kumwamba kukufunika kuti iye akakhale woyamba kuthetsa tsankho, ndiye kuli bwino asapiteko. Anawolokera ku Canada, kumene anathandiza timu ya Calgary Stampeders kutenga chikho cha Grey Cup mu 1948. Atavulala anabwerera ku masewera amene anali atawayesako kale, ogwetsana a pa siteji aja, oti theka ndewu theka sewero, ndipo kumeneko n'kumene anaphunzira kugwa mosavulala ndi kuopseza anthu ndi maso okha. Anthu a mafilimu anamuona.

Zimene ankamupatsa poyamba, ife a kuno ku Africa tiyenera kuzidziwa, chifukwa ankasewera ife. Mu 1941, mu Sundown, anali wapolisi wachiafirika wopanda dzina. M'zaka za m'ma 1950 anali msilikali wa mkondo kapena mfumu ya m'nkhalango m'mafilimu otchipa a azungu osaka nyama, kuphatikizapo a Tarzan, Africa yake yomangidwa ndi mapulanga kuseri kwa situdiyo ku California. Mu The Ten Commandments ya 1956 anali mfumu ya ku Ethiopia, m'filimu yomweyonso n'kukhala kapolo wonyamula machira. Sindimuda nazo. Anali ndi mkazi, Luana, wa ku Hawaii, ndi ana awiri, ndipo ganyu wa munthu wakuda ku Hollywood panthawiyo anali yemweyo: kuvula malaya, kudzola mafuta, kuima pamene akuuza.

Tsono taonani njira ya mnzake. Marion Morrison anabadwa mu 1907 ku Winterset, Iowa, n'kukulira ku California. Nayenso ankasewera mpira womwewo, pa yunivesite ya USC, mumzinda womwewo wa Los Angeles, mpaka anavulala phewa akusambira m'nyanja n'kutaya thandizo la fizi. Anapeza ntchito yonyamula katundu pa situdiyo ya Fox. Mu 1930, ali ndi zaka 23, Raoul Walsh anamupatsa udindo waukulu mu The Big Trail, ndipo dzina anamusinthira pomwepo kukhala John Wayne. Filimuyo inaluza ndalama, ndipo Wayne anatsikira ku timakampani tating'ono topanga mafilimu a makawuboyi a sabata imodzi. Anakhala kumeneko zaka pafupifupi 9, mpaka John Ford anamutola n'kumuika mu Stagecoach mu 1939. Ndiye kuti nayenso anavutikapo, tisamunamizire. Kusiyana kwake n'kwakuti iye ngakhale pa nthawi ya mavutoyo dzina lake linkakhala pamwamba, mtsikana ankakhala wake, hatchi yabwino inkakhala yake. Analephera koyamba, chitseko chinakhalabe chotsegula.

M'timakampani timeneto Wayne anakumana ndi munthu amene anamuumba, Yakima Canutt, katswiri wa masewera okwera mahatchi olusa wochokera ku Washington. Canutt ndi amene ankagwa m'malo mwa ena. Awiriwa anakonza njira yomenyerana ya pa kanema imene ikugwiritsidwabe ntchito mpaka lero: chibakera chimadutsa patsogolo pa nkhope, kamera ili kumbuyo kwa phewa, womenyedwayo n'kugwedeza mutu, woonera n'kukhulupirira kuti nsagwada yathyoka. Wayne mwiniwake ankavomera kuti kayendedwe kake kotchuka kaja ndi kalankhulidwe kozengereza anazitengera kwa Canutt. Mu Stagecoach muli malo amene munthu wa mtundu wa Apache amalumphira pa akavalo okoka ngolo akuthamanga, n'kuwomberedwa, n'kugwera pakati pawo, akavalo asanu ndi mmodzi ndi ngoloyo n'kumudutsa pamwamba. Ameneyo ndi Canutt, ndipo panalibe kompyuta yothandizira. Patangopita mphindi zochepa mumaona Wayne akulumpha kuchoka pa hatchi ina kupita pa ina. Ameneyonso ndi Canutt. M'filimu imodzi munthu mmodzi anali wophedwa, analinso ngwazi. Anadzapatsidwa Oscar yaulemu mu 1967, atakonza kale mpikisano wa magaleta wa mu Ben-Hur.

Eni nthaka a ku America zawo ndiye zinali zina. Ford ankakonda kujambulira ku Monument Valley, kumalire a Arizona ndi Utah, dziko la anthu a mtundu wa Navajo, ndipo ankawalemba ganyu kuti akhale Apache lero, Comanche mawa, Cheyenne mkuja. Koma mfumu yawo, yokhala ndi mawu olankhula, inkakhala mzungu wopakidwa utoto. Mu The Searchers ya 1956, mfumu ya Comanche ndi Henry Brandon, wobadwira ku Germany, maso ake abuluu ali mbee. Zimanenedwa kuti mu Cheyenne Autumn a Navajo aja, podziwa kuti palibe mzungu akumva, ankalankhula nthabwala zolaula m'chinenero chawo pa malo amene filimu ikuti akukambirana za mtendere, ndipo filimuyo ikaonetsedwa kwawo anthu ankangofa ndi phwete. Nkhani imeneyi ndimaikonda kwambiri. Ndiye panali Iron Eyes Cody, amene anakhala moyo wake wonse atavala nthenga akudzitcha Cherokee, chikhalirecho makolo ake anachokera ku Italy ndipo dzina lake lenileni linali Espera de Corti. Mwini khungu weniweni ngati Jay Silverheels, wa mtundu wa Mohawk wa ku Canada, anathera zaka zake akusewera Tonto, wothandizira wokhulupirika wa kawuboyi wachizungu, wolankhula Chingerezi chothyokathyoka mwadala.

The Searchers yomweyo, imene ine ndimaiona kuti ndi ntchito yabwino kwambiri ya Wayne, ili ndi kachinsinsi. Ndi nkhani ya munthu wofunafuna mwana wa m'bale wake amene anagwidwa ndi a Comanche. Ofufuza ambiri amati mmodzi mwa anthu enieni amene nkhaniyi inachokerako ndi Britt Johnson, munthu wakuda wa ku Texas amene mkazi ndi ana ake anagwidwa mu 1864, iye n'kuwalondola mpaka kuwabweza kwawo. Pa kanema anasanduka mzungu, msilikali wakale wa mbali imene inkamenyera ukapolo.

Chaka cha Strode chinali 1960. Mu Spartacus, ya Stanley Kubrick, ali ndi mphindi zowerengeka, mawu ake osakwana n'komwe dzanja, koma aliyense amene anaonera filimuyo amamukumbukira. Iye ndi Draba, kapolo wophunzitsidwa kumenyana mpaka imfa. Asanalowe m'bwalo, iye ndi Kirk Douglas, wosewera Spartacus mwiniwake, akhala moyang'anana m'kachipinda ka matabwa, akumva anzawo awiri akuphana panja. Douglas akusuzumira pa mng'alu, akuvutika. Strode wangokhala, akumuyang'ana, kamwetulira kakang'ono kosadziwika tanthauzo kali pakamwa. Akalowa, Draba ali ndi ukonde ndi mkondo wa mano atatu, ndipo akupambana. Wamupanikiza mnzake kukhoma, mkondo uli pakhosi, olemera a ku Roma ali pakhonde akulamula kuti amalize. Iye akutembenuka, akuponya mkondowo kwa iwo, akukwera khoma kuti akawagwire ndi manja, mpaka Laurence Olivier, wosewera mmodzi wa olemerawo, akumucheka kumbuyo kwa khosi ndi kampeni, magazi n'kumuthovokera kumaso. Kuukira konse kwa akapolo m'filimuyo kukuyambira pa munthu ameneyu. Anamusankha kuti apikisane nawo pa mphoto ya Golden Globe.

Chaka chomwecho ndi cha Sergeant Rutledge. Akuluakulu a situdiyo ankafuna dzina logulitsa, Sidney Poitier kapena Harry Belafonte, koma Ford anakana, ati akufuna munthu wooneka ngati msilikali. Gulu la asilikali la m'nkhaniyi ndi lenileni, la nambala 9, limodzi mwa magulu a asilikali akuda okwera pa hatchi amene boma la America linakhazikitsa mu 1866, aja anadzatchedwa Buffalo Soldiers. Ford anamujambula Strode mmene ankajambulira Wayne: kamera ili pansi, munthu waima pa chitunda, thambo lili kumbuyo kwake. Zimenezi wakuda anali asanachitiridwepo mu filimu ya makawuboyi ya situdiyo yaikulu. Pachimake pa filimuyi ndi m'khothi, woimira boma akumufunsa monyoza chifukwa chake anabwerera kudzapulumutsa anzake pamene anali ndi mpata wothawa. Rutledge, amene anabadwa kapolo ndipo amayenda ndi kalata ya ufulu wake, akuimirira, mawu akunjenjemera, misozi ili m'maso, n'kunena kuti gulu lake la asilikali ndilo kwawo, ndilo ufulu wake, ndipo iye ndi munthu. Strode ankafotokoza yekha kuti Ford anamumwetsa mowa dzulo lake, m'mawa n'kumukalipira pagulu ali ndi matsire, kuti ukali ndi manyazi zimene tikuonazo zikhale zenizeni. Ndi mmene mdalayo ankagwirira ntchito.

Filimuyi ili ndi zilema zake. Nthabwala za azimayi a m'khothi n'zosafunika, ndipo mapeto ake, pamene wolakwa weniweni, mzungu wa sitolo, akungoulula yekha akulira, ndi a ulesi. Palinso funso limene filimuyo siifuna kuliyang'ana: asilikali akuda amenewa ulemu wawo akuupeza pothamangitsa a Apache m'dziko lawo lomwe, potumikira boma limene iwo omwe silikuwawerengera. Komabe mukaika zonsezi pa sikelo, nkhope ya Strode m'khothi muja imalemera kuposa zilemazo. Ndalama sinapange zambiri, ndipo Hollywood inatengapo phunziro limene inkafuna kale, lakuti wakuda sagulitsa. Chaka chotsatira Ford yemweyo anamuveka nthenga kukhala wankhondo wa Comanche mu Two Rode Together.

Ndiye inabwera The Man Who Shot Liberty Valance, mu 1962, imene inaika Strode ndi Wayne pamodzi. Strode ndi Pompey, wantchito wa pa famu ya Wayne. Munthu amene zaka ziwiri zapitazo anali sajeni woima pa chitunda tsopano akuyendetsa ngolo, akudyera panja pa khitchini, akutchedwa mnyamata ali ndi zaka 47. Anthu ena amati apa Ford anabwerera m'mbuyo. Ine ndimaona kuti mdalayo ankadziwa chimene akuchita, chifukwa anaikamo tinthu toluma. M'kalasi ya anthu akuluakulu ophunzira kuwerenga, Pompey akuimirira kuti alakatule chikalata cha ufulu wa dziko la America, chithunzi cha Abraham Lincoln chili pakhoma kumbuyo kwake, ndipo akukakamira pa mzere womwe umati anthu onse analengedwa ofanana. Wauiwala. Mphunzitsi, James Stewart, akumukumbutsa, n'kuwonjezera kuti mbali imeneyo anthu ambiri amaiiwala. Kwina Pompey akulowa m'bala kudzatenga bwana wake woledzera, wogulitsa mowa n'kuyamba kunena kuti sangamugulitse. Ndipo usiku umene chigawenga chikuphedwa, mfuti yochiphera ili m'manja mwa Pompey, ndi iye amene akuiponyera kwa Wayne mumdima. Filimu yonse ikunena za bodza limene dziko limamangidwapo, za munthu wina kulandira ulemu pa ntchito ya wina. Pompey akudziwa zoona zake kuyambira pachiyambi, koma palibe mtolankhani amene akumufunsa.

Kuseri kwa kamera kunali moto. Ford anali wankhanza kwa ochita sewero ake, ndipo pa filimu imeneyi anasankha Wayne kukhala wolandira. Ankamunyoza kuti mpira unamukanika, akuloza Strode kuti wosewera mpira weniweni ndi uyu. Ankamukumbutsanso za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Apa mpomwe pankawawa, chifukwa Stewart anayendetsa ndege zoponya mabomba ku Germany, Lee Marvin, wosewera chigawenga chija, anavulazidwa ku Saipan, Strode anatumikira ku zilumba za Pacific, Ford mwiniwake anavulala akujambula nkhondo ya ku Midway mu 1942, pamene Wayne, msilikali wamkulu wa pa kanema, anatsala ku Hollywood n'kulemera. Wayne sankatha kumuyankha Ford, munthu amene anamutola, ndiye ukali wake unkagwera wina. Malinga ndi Strode, pojambula malo amene awiriwa akuthamangitsa ngolo, akavalo anamupulumuka Wayne, Strode n'kutambasula dzanja kuti agwire zingwe, Wayne n'kumukankha. Ataima, Strode anatsika ali wokonzeka kumenya, ndipo Ford anachita kukuwa kuti asamumenye chifukwa filimu sinathe. Strode ankati mlandu wonse unali wa Ford, koma ubwenzi ndi Wayne sunaphukepo.

Za Wayne ndinene mosapsatira. Luso anali nalo, ndipo amene amati ankangosewera iye mwini sanaonere Red River kapena The Shootist, filimu yake yomaliza ya 1976, mmene akusewera wowombera mfuti wokalamba amene akufa ndi khansa, iye mwini atachotsedwa kale phapo limodzi mu 1964. Koma ndi munthu yemweyo amene mu 1971 anauza magazini ya Playboy kuti amakhulupirira zoti azungu azilamulira mpaka akuda ataphunzira mokwanira, ndiponso kuti saona cholakwa pa kulanda dziko kwa eni nthaka. Sanali mawu a kumowa, anali akudziwa kuti asindikizidwa. Anamwalira mu 1979, ndipo bwalo la ndege la ku Orange County limatchedwabe dzina lake ngakhale anthu ena anayesa kuti lisinthidwe mu 2020. Ine ndimaonerabe mafilimu ake, koma ngati muyembekezera kuti ndimupepesere, mudikira.

Chodabwitsa ndi Ford. Munthu wolusa uja anamukonda Strode ngati mwana wake. Atayamba kudwaladwala, Strode anasamukira kunyumba kwake n'kumagona pansi m'chipinda mwake kwa miyezi inayi akumusamala, ndipo analipo pamene Ford ankatsirizika mu 1973. Mukhoza kuuona ubale umenewu ngati chikondi cha bambo ndi mwana, mukhozanso kuona Pompey akupitiriza ntchito kamera itazima. Ine ndikuganiza kuti zonse ziwiri n'zoona.  Strode mwiniwake ankati Ford ndi yekhayo amene anamuika pa hatchi ngati ngwazi pamene wina aliyense ankamuona ngati minofu.

Mu 1966 anasewera mu The Professionals, mmodzi mwa akatswiri anayi olembedwa ntchito yokapulumutsa mkazi wa munthu wolemera ku Mexico. Anzake ndi Burt Lancaster, Lee Marvin ndi Robert Ryan, iye ndi wa uta ndi mivi, wodziwa kulondola mapazi. Filimuyo inagulitsa kwambiri, ndipo khungu lake silinali nkhani m'menemo kupatula funso limodzi koyambirira. Koma pa chikwangwani, pakati pa mayina akuluakulu a pamwamba, pali atatu enawo ndi Jack Palance ndi Claudia Cardinale. Wachinayi wa anayiwo muchite kumufunafuna.

Amene anamulipira ngati katswiri ndi Ataliyana. Panthawiyo mafilimu a makawuboyi anali atasamukira ku Ulaya, akujambulidwa m'zipululu za kumwera kwa Spain ndi ndalama za ku Rome, ndipo anthu amene Hollywood inawataya ankapezako moyo wachiwiri. Clint Eastwood anachoka pa TV n'kukatchukira kumeneko mu 1964. Lee Van Cleef, amene anali atatsala pang'ono kusiyiratu mafilimu atachita ngozi ya galimoto, anakakhala bwana kumeneko. Sergio Leone, amene mafilimu a Ford ankawadziwa pamtima, anaitana Strode kuti adzatsegule Once Upon a Time in the West mu 1968.

Ngati simunaonepo chiyambi cha filimu imeneyi, chifunefuneni, chilipo pa intaneti. Amuna atatu ovala majasi aatali afika pa siteshoni ya sitima pakati pa chipululu. Atsekera mkulu wa siteshoni m'kachipinda, mayi wina amene anali pamenepo akuthawa, ndipo mayiyo ndi Luana, mkazi wake wa Strode. Kenako akudikira. Kwa mphindi zoposa 10 palibe nyimbo, palibe kukambirana, kukungomveka chitsulo cha mphero yamphepo chikulira kwiii, kwiii. Jack Elam akulimbana ndi ntchentche imene yatera pa ndevu zake, mpaka akuitsekera mu mpope wa mfuti n'kumamvetsera kulira kwake. Wina akuthyola zala. Strode waima pansi pa thanki ya madzi. Dontho likumugwera pa mpala, tho. Sakusuntha. Lina, tho. Akuvala chipewa pang'onopang'ono, madontho n'kumagwera pa chipewacho, kamvekedwe kake n'kusintha. Madzi atadzaza m'mphepete mwa chipewa, akuchivula mosamala, akumwa. Basi. Sakulankhula liwu ngakhale limodzi, ndipo sitima ikafika Charles Bronson akuwapha onse atatu, ngakhale chipolopolo cha Strode ndicho chokha chikumupeza Bronson. Leone anaika kamera pafupi ndi nkhope yake mpaka kudzaza kanema yense, ndipo Strode ankati ku Hollywood, pa zaka zonse zija, zoterezi ankazisowa.

Chaka chomwecho anasewera udindo umene kwa ife uli ndi kulemera kwina. Mu Seduto alla sua destra, ya Valerio Zurlini, imene m'mayiko olankhula Chingerezi inatchedwa Black Jesus, iye ndi Maurice Lalubi, mtsogoleri wa ku Congo wogwidwa, kuzunzidwa ndi kuphedwa, munthu womangidwa pa moyo wa Patrice Lumumba, amene anaphedwa mu 1961. Amene anayamba ndi kunyamula mkondo m'nkhalango ya mapulanga anafika posewera Mwafirika wokhala ndi dzina, maganizo ndi chifukwa chofera. Anakhalitsa ku Italy, akusewera ndi Terence Hill ndi Bud Spencer mu Boot Hill, ndi Franco Nero mu Keoma ya 1976. Ambiri mwa mafilimu a nthawi imeneyi ndi wamba, ena ndi oipa ndithu, koma dzina lake linali pamwamba ndipo ndalama zinkalowa.

Atakalamba, achinyamata akuda opanga mafilimu anamukumbukira. Mario Van Peebles anamuika mu Posse mu 1993 ngati nkhalamba yofotokoza mbiri ya makawuboyi akuda amene mabuku anawasiya. Filimu yake yomaliza ndi The Quick and the Dead ya 1995, mmene ali wokhoma mabokosi a maliro, amene amangomuyang'ana mlendo n'kudziwa muyeso wa bokosi lake. Anamwalira ndi khansa ya m'mapapo pa 31 December 1994, ali ndi zaka 80, filimuyo isanatuluke, ndipo inaperekedwa kwa iye.

Mu 1995 momwemo kunatuluka Toy Story, katuni imene ana ambiri aionera. Kawuboyi wa m'menemo, mtsogoleri wa zidole zonse, anamutcha Woody potengera dzina la Woody Strode. Chidolecho ndi choyera, ndipo mawu ake ndi a Tom Hanks.